Mizere Yoyenera Kufa

A Sunganani adafika kuno ku Kaomba pa lole ya esiteti, chaka chimene ine ndidakwatiwa. Adachokera ku Phalombe ndi akazi awo, mkeka umodzi, mapoto awiri ndi khasu lopanda mpini. Ankati alima fodya zaka ziwiri basi, agule malata, abwerere kwawo. Matenanti onse amatero pofika. Zaka ziwirizo zidasanduka makumi atatu ali pompano, kuseri kwa mabulugama amene amalekanitsa munda wanga ndi esiteti.

Ine ndine Malita, aNaphiri, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti pakamwa panga palibe chitseko. Ndayamba ndi kudziulula chifukwa m'nkhani ino ndilimo, ndipo sindilimo bwino.

A Sunganani ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, zala zawo zidada kalekale ndi utomoni wa fodya. Sadapite kusukulu, posaina amadinda chala. Koma pa fodya, ayi ndithu, panalibe wowaposa. Akamayenda m'mizere m'mawa, tsamba likangosintha mtundu pang'ono, iwo adziwa kale chimene lasowa. Phando lopanda mbewu m'munda mwawo silinkagona masiku awiri, ankapakiza tsiku lomwelo. Fodya wodwala ankamuzula, kukamutaya kutali ndi kumutentha. Pa esiteti moyo wake ndi umenewo. Kapitawo akamayendera minda n'kupeza mzere wofota, safunsa fodya, amafunsa tenanti, ndipo tenanti amene munda wake waoneka moipa chaka chamawa amakwera lole kubwerera kwawo. A Sunganani lole imeneyo sadaikwerepo. Alendo akabwera kudzaona esiteti, kapitawo ankayamba kuwaonetsa munda wawo.

Ana adabereka atatu, awiri adamwalira ali aang'ono, adatsala Ezelina. Amayi ake nawo adatisiya mwanayo ali sitandade 5. Kuyambira pamenepo Ezelina adakhala ngati wanga. Ndine ndidamulanga atakula, ndine ndinkamuluka tsitsi, ndipo mpaka lero amanditchula kuti amayi. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya, ana a matenanti ambiri sukulu amaiwala, amakhala pachigafa ndi makolo awo. Ezelina akangogwira tsamba, bambo ake ankamulanda.

"Masambawa ndisoka ndekha," ankatero. "Iwe pita ukasoke zilembo."

Adapita ndithu. Adakhoza fomu 4 mochititsa mantha, ndipo dzina lake lidatuluka kuti akaphunzire bayoloje ku koleji ina ku Lilongwe. Bambo ake adamufunsa kuti bayoloje n'chiyani.

"Maphunziro a zamoyo, ababa. Zomera, nyama, tizilombo."

"Ndiye kuti udokotala?"

"Ayi."

"Ulangizi?"

"Ayinso, koma zimayandikana."

A Sunganani adangodula nkhani okha. Aliyense wowafunsa ankamuuza kuti mwana akuphunzira udokotala wa mbewu.

Akabwera patchuthi, Ezelina ankatifotokozera za kumeneko tikutong'ola chimanga pakhonde panga. Za labu, chipinda chimene salowamo opanda chovala choyera. Za ulendo wa kuphiri kukatola masamba ndi kuwapanikiza m'manyuzipepala. Za chule amene adamung'amba pamimba mtima wake ukugundabe, zimene ine ndidamuletsa kunena tikudya. Chaka chachitatu adabwera ndi chithunzi m'foni, chojambulidwa pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Kadali kanyongolotsi koyera, kopyapyala ngati ulusi. Adati timeneti timakhala m'nthaka, timalowa m'mizu ya fodya, mizu n'kutupa timfundo, fodya n'kumafota dzuwa likakwera ngakhale mvula yagwa dzulo. A Sunganani mizu yotupayo ankaidziwa bwino, koma iwo ankangoti nthaka yatopa. Adaigwira foniyo nthawi yaitali, ataitalikitsa ndi maso.

"Zaka zonsezi ndimalimbana ndi kameneka?" adafunsa. Ndidaona kuti tsiku limenelo adayamba kumuopa mwana wawo pang'ono.

Chaka chomaliza wophunzira aliyense amachita kafukufuku wakewake. Ndipo padali mwayi umodzi umene onse ankauyang'ana. Malo ena ofufuza za mbewu ankatenga wophunzira mmodzi chaka chilichonse, amene kafukufuku wake waposa onse, kuti akagwire ntchito mu labu yawo zaka ziwiri, kenako amutumize kukapitiriza maphunziro. Malo amodzi, ophunzira makumi anayi. Ezelina adali m'gulu la atatu apamwamba, ndipo mphunzitsi wake, a Dokotala Nthanda, adamuuza poyera kuti akachita bwino kafukufukuyo malowo ndi ake.

Nzeru yake idali ya deliya, uja amamera yekha m'mbali mwa misewu, wa maluwa achikasu, wowawa moti mbuzi imangomununkhiza. Ezelina ankaganiza kuti masamba ake atakwiriridwa m'mizere fodya asanawokeredwe, tinyongolotsi tija tingachepe. Ankati mlimi wosauka sangathe mankhwala a m'sitolo, koma deliya ali paliponse. Chimene ankasowa chidali nthaka yodwala. Tenanti alibe malo akeake ngakhale poponda phazi, ndiye ine ndidamupatsa ngodya ya munda wanga, ya kumsewu wopita kumjigo, pamene fodya adandikana zaka zitatu zotsatizana.

Adabwera mu Novembala ndi chingwe, tepi yoyezera ndi zikhomo khumi ndi ziwiri, zisanu ndi chimodzi zopaka utoto wofiira, zinazo woyera. Adadula malowo timinda khumi ndi tiwiri, n'kusakaniza zikhomozo, chofiira apa, choyera apo. M'timinda ta zikhomo zofiira adakwirira deliya. Ta zikhomo zoyera adatisiya momwemo. Bambo ake ndi amene adakweza mizere, yowongoka ngati ayeza ndi lula. Atamaliza, Ezelina adawaimika pakati pa mundawo, ine ndili pomwepo.

"Ababa, mumvetsetse. Kupalira palirani monse. Koma fodya wa zikhomo zoyerayu akayamba kudwala, musamukhudze. Musazule, musapakize, musathire kanthu. Ngakhale afe, afe."

"Afe?"

"Eya. Ameneyu ndi woyerekezera. Popanda wodwalayu, sitingadziwe ngati deliya wagwira ntchito."

"Ndamva," adatero a Sunganani.

Ine ndidakhala nawo pafupi zaka makumi atatu, ndimayenera kudziwa kuti "ndamva" wa a Sunganani ndi uja tenanti amayankha kapitawo. Pambuyo pake adandiuza kuti ankaganiza kuti mwanayo akungowamvera chisoni, safuna kuwachulukitsira ntchito.

Mvula idagwa, adawokera mu Disembala, Ezelina adayeza masabata awiri oyamba n'kubwerera ku koleji. Kumeneko kudali mayeso ndi ntchito ya mu labu, moti Januwale yense sadaponde kuno. Ankangoimba foni yanga Lamlungu lililonse, popeza bambo ake foni alibe.

Pakati pa Januwale zidayamba kuoneka. Fodya wa zikhomo zofiira adali wobiriwira, masamba otambalala. Wa zikhomo zoyera adapinimbira, n'kuyamba chikasu, ndipo dzuwa likafika pamutu ankagwetsa masamba ngati nkhuku yachitopa. Malowo ali pamsewu. Aliyense wopita kumjigo, kutchalitchi, kuchigayo, ankadutsa pomwepo, ndipo kuno kwathu munthu sadutsa munda wa fodya osaupatsa malikisi. Amuna ankaima ndi njinga zawo n'kumafunsana kuti kodi uyu ndiye fodya wa ku koleji. Wina adati ngati digiri yake ndi imeneyi, bola kusaphunzira. A Sunganani ankangopalira atawerama.

Tsiku lina Ezelina adaimba kunena kuti pa 14 Febuluwale abwera ndi a Dokotala Nthanda kudzaona munda. Nditawauza bambo ake, ndidaona nkhope yawo ikusintha. Pamenepo ndi pamene lilime langali, lopanda fupali, lidachita zake. Ndinkati ndikuseka nawo.

"A Sunganani, ndiye mlendo wamkulu chonchi adzapeze zimenezi? Adzati mwana wa tenanti, wobadwira m'fodya, walephera kulima fodya. Inu muli pompano, katswiri wa esiteti yonse."

Sadaseke. Adayang'ana mizere yofotayo, n'kunyamula khasu lawo kumapita.

M'mawa mwake ndidawapeza ali kale pantchito. Adazula fodya yense wodwala, n'kukamutentha kudzenje. Adakumba mizere ya zikhomo zoyera ija, kukwiriramo deliya monga adaonera mwana wawo akuchitira, chifukwa nawo adaona ndi maso kuti mankhwalawo akugwira. Ku nazale kwawo kudali mbande zotsala zimene ankazimeta masamba kuti zisakule msanga, adasankha zamphamvu zokhazokha n'kupakiza phando lililonse. Feteleza amene adasungira kachimanga kawo ka kuseri kwa nyumba adamuthira yense mmenemo kuti mbandezo zipeze zinzake. Idali ntchito ya masiku atatu. Ndipo ine, Malita, amene ndidaima pomwepo Ezelina akulankhula, ndidawatungira madzi othirira. Ndinkaona ngati tikumuthandiza mwana. Mumtima mwanga ndinkati ana a sukulu amadziwa za m'mabuku, koma kulandira mlendo m'munda timadziwa ndife.

Lamlungu Ezelina ataimba, adafunsa kuti fodya ali bwanji. Bambo ake adati ali bwino kwambiri. Ankafuna akadzaone yekha.

Pa 14 paja a Sunganani adavala jekete lawo la ku Misa, nsapato atapukuta ndi mafuta ophikira. Adasesa ngakhale kanjira kolowera m'mundamo. Galimoto idafika cha m'ma teni, adatsika Ezelina ndi kope lake, kenako a Dokotala Nthanda, bambo wamtali wa imvi, atavala majombo. Munda udali wokongola, ndisaname. Fodya wopakizayo adali wamfupiko, koma wobiriwira bii, wopanda phando logona. A Sunganani adaima pambali, manja kumbuyo, monga amaimira alendo a esiteti akabwera.

Ezelina adafika pa chikhomo choyera choyamba n'kuima. Adapita pa chachiwiri. Adagwada, adafukula mzere ndi zala, n'kutulutsa masamba a deliya owola. Adazula fodya mmodzi n'kuyang'ana mizu, yoyera bwino, yopanda mfundo. Sadalire, sadakuwe. Adangokhala pansi pamzerepo, siketi yake yabwino ija m'dothi.

"Ababa, fodya uja ali kuti?"

"Ndidamutentha, mwanangu. Adali woipa. Sakadakhala woonetsa alendo."

"Yense?"

"Yense. Ndapakiza wabwino."

A Dokotala Nthanda adavula chipewa n'kumakanda m'mutu. Adali munthu waulemu. Adawagwira chanza a Sunganani, n'kuwauza kuti sadaonepo mizere yosamalidwa chonchi. Kenako adawafotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene amafotokozera odwala kuchipatala, kuti fodya wakufa uja ndiye adali umboni. Kuti mizu yake yotupa ndi imene Ezelina amayenera kupita nayo ku labu, kukawerenga tinyongolotsi, kuyerekeza ndi ya zikhomo zofiira. Tsopano timinda tonse tafanana, palibe choyerekeza. Ndidaona a Sunganani akumvetsa. Zidayambira m'maso, kenako manja aja adachoka kumbuyo n'kulendewera. Adafunsa funso limodzi lokha.

"Sangayambirenso, bwana?"

"Nthawi yowokera yapita kale, bambo. Ndipo mayina a opikisana pa malo aja amapita mu Juni."

Mlendo atapita kugalimoto, ine ndidamukokera Ezelina pambali. Pakamwa pomwe paja. Ndidati iwe, fodyayo adafadi, tonse tidamuona, bwanji ungolemba manambala ako kuti adafa mwakutimwakuti, adzatsutse ndani? Adandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Amayi, sindidayeze. Ndikalemba zimene sindidayeze, mawa mlimi adzakwirira deliya chifukwa cha bodza langa."

Ndidachita manyazi omwe sindidachitepo chibadwire. Ndidamuuza kuti wolakwa ndine, kuti ndine ndidawasokosera bambo ake. Adangoti madzi akatayika saoleka, n'kukwera galimoto.

Adalemba zoona zokhazokha: zimene adayeza masabata awiri aja, ndi zimene zidachitika pambuyo pake. Digiri adapata, yabwino ndithu. Koma malo aja adapita kwa mnyamata wina amene adafufuza za nsomba za m'madamu. Lero Ezelina akuphunzitsa bayoloje pa sekondale yoyendera cha ku Kapelula, sukulu yopanda labu, kumene tizilombo amachita kujambula ndi choko pabolodi. Ntchito ndi ntchito, sindikunyoza. Koma ine ndidamuona mwanayo akamanena za labu, mmene maso ake ankawalira, ndipo kuwala kumeneko sindidakuonenso.

Bambo ake sadawakalipire ngakhale tsiku limodzi. Mwina akadawakalipira zikadapepuka. Tsiku lolandira digiri adawatumizira uthenga kuti abwere, iwo adati fodya ali pachigafa, sangamusiye. Udali Ogasiti, pachigafa panalibe ngakhale tsamba. Ndidapita ndine, ndipo ndidalira mwambo wonse, anthu n'kumayesa ndi chimwemwe.

Novembala wotsatira a Sunganani adabwera pakhomo panga, chipewa m'manja.

"ANaphiri, ngodya ija mundibwerekenso."

Zikhomo zija adali atazisunga kudenga, khumi ndi ziwiri zonse. Adadikira dala kuti deliya wakale awoleretu, ndipo timinda adatisunthira chakumtunda pang'ono, pamene nthaka idali yodwalabe. Adayeza ndi mapazi, adasakaniza zofiira ndi zoyera monga adachitira mwana wawo, osaphonya kanthu. Poti kulemba sadziwa, adadula mabango khumi ndi awiri, kamunda kalikonse bango lake. Loweruka lililonse ankaimika bango pambali pa fodya n'kulemba kamzere ndi mpeni pamene wafika. Iwo sadamuuze Ezelina, ndipo ine adandipempha kuti ndisanene. Ndidasunga chinsinsi, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga.

Januwale atafika, fodya wa zikhomo zoyera adayambanso kufota. Apa ndi pamene ndidaona munthu akuzunzika. Akamaliza ntchito ya ku esiteti ankabwera kudzakhala pansi pa mthethe uli pangodyapo, khasu atalisiya kunyumba dala, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Ankangoyang'ana fodya akufa. Tsiku lina ndidawaona atadzuka, afika pa phando lina, dzanja latambasuka kale, kenako adalibweza n'kukakhalanso pansi. Adaonda chaka chimenecho. Anthu a njinga aja adayambanso zawo, koma ulendo uno adakumana ndi ine. Ndidawafunsa kuti mwa iwo ndani adaonapo khomo la koleji, ndipo ena mpaka lero amazungulira njira ya kudambo.

Kumayambiriro kwa Malichi adandipempha kuti ndimuimbire Ezelina. Ndidawapatsa foni, adaigwira ndi manja awiri.

"Mwanangu, ndi ine. Fodya uja wafa. Wa zikhomo zoyera, timinda tonse tisanu ndi kamodzi. Wafa bwinobwino, sindidakhudze ngakhale tsamba limodzi. Wa zofiira ali moyo. Uwauze aphunzitsi ako aja abwere adzaone."

Ndidasendera pafupi ndi foniyo. Kenako ndidamva kamawu kakuti, "Ndibwera Loweruka, ababa."

Adabwera yekha, pa kabaza. Adayenda m'timinda tonse, adazula apa ndi apo. Mizu ya ku zikhomo zoyera idali mfundo zokhazokha ngati mikanda, ya ku zofiira yoyera, yaitali. Nzeru yake ija idali yoona. Bambo ake adamubweretsera mabango aja atawamanga mtolo ndi luzi, n'kumamuonetsa kamzere kalikonse, ili Loweruka loyamba, ili lachiwiri. Pamenepo ndiye Ezelina adalira, kulira kumene sadalire chaka chatha chija, atakumbatira mabangowo. Atatonthola adawagwira dzanja n'kuwauza zoona, poti mwanayu kunama sadziwa.

"Ababa, mwachita bwino kuposa mmene ndikadachitira ine. Mabangowa ndikaphunzitsira ana anga kusukulu. Koma malo aja adapita. Amatenga amene ali m'chaka chomaliza basi, ndipo ine ndidamaliza. A Dokotala Nthanda nawonso adapuma ntchito. Kulibe amene abwere."

"Ndamva," adatero a Sunganani.

Ezelina adanyamula mabango ake n'kubwerera ku Kapelula. Fodya wakufa uja bambo ake sadamuzule. Adauma ali chiimire, mvula idatha, udzu wa m'mbali udapsa, iye ali pomwepo ndi zikhomo zake. Ine ngodyayo sindidailimenso, ndipo sindidzailima iwo ali moyo.

A Dokotala Nthanda aja, pa 14 paja, adabwera Lachisanu. Ndiye Lachisanu lililonse cha m'ma teni, a Sunganani amavala jekete lawo la ku Misa, amasesa kanjira kaja, n'kukaima pamsewu manja kumbuyo. Galimoto ikamveka kuchokera ku boma amakonza kolala. Ine ndimadutsa pomwepo popita kumjigo, ndipo ndimadziwa zimene ndikadanena kale. Ndimangowapatsa moni, iwo n'kuyankha, ine n'kupitirira ndi ndowa yanga.